Maloto ndi Chiyambi cha Luso

M'midzi ya ku Bowe, ndi m'midzi yonse ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, munthu akadzuka sayamba ntchito asanafunse mnzake m'mene wagonera. Kawirikawiri yankho silithera pa za thupi pokha, pakuti wina awonjezapo kuti walota zodabwitsa, ndipo apabanja aleka zimene ali kuchita namvetsera mofatsa. Mwana wokulira m'mudzi wotere afika ku sukulu akudziwa kale kuti loto ndi chinthu cholemera. Chimene sadziwa ndi kumene loto lichokera, ndiponso chimene munthu ayenera kuchita nalo kukacha.

Mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale adzakumana nawo mafunso amenewa, afune asafune. Aphunzitsi ena ayankha kuti maloto ndi zopusa za anthu osaphunzira, pamene ena aopa maloto kuposa ana amene awaphunzitsa. Mayankho onse awiriwa asokeretsa mwana. Mbiri ya anthu aluso, a kuno ndi a maiko ena, isonyeza njira yachitatu, ndiyo yakuti loto lithandiza munthu amene anagwira ntchito lisanafike, ndipo lipindula pokhapokha munthuyo akaliyesa atadzuka. Amayi okonza ufa woyera alidziwa kale dongosolo limeneli. Ayamba akonola chimanga, naviika mphale m'madzi kuti igonere, ndipo pambuyo pake asinja ndi kusefa. Madzi afewetsa mphale, koma madzi opanda mphale sasanduka ufa ngakhale atagonera mwezi wathunthu.

Maloto m'mwambo wa Achewa

Makolo a Achewa anali kukhulupirira kuti mizimu ya akufa ilankhula ndi amoyo m'tulo, ndipo ambiri akhulupirirabe chomwecho. Munthu akalota malemu ambuye ake ali kudandaula njala kapena kuti aiwalika, abale anali kusonkhana nafulula mowa, nathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo wa msolo. Nthawi zina loto lotere linali kuitanitsa Gule Wamkulu kuti adzavine pa mwambo wokumbukira wakufayo. Chotero loto la munthu mmodzi linali kudzutsa ng'oma za mudzi wonse.

Komatu makolowo sanali kuvomera loto lililonse. Munthu akadya kwambiri madzulo nalota zosokonezeka, anzake anali kungoseka. Loto looneka lolemera anali kupita nalo kwa akuluakulu, ndipo akuluakulu akakayika anali kukafunsa kwa woombeza ula. Ngakhale njira zawo zoyesera zinali zosiyana ndi za lero, iwo anazindikira kuti loto liyenera kuyesedwa ndi anthu amene ali maso. Mawu akuti "maloto a chumba," onena za chiyembekezo chosabala kanthu, aonetsa kuti chinenero chomwe chidziwa kusiyanitsa loto ndi loto linzake.

Asing'anga ambiri anena kuti mtengo wakutiwakuti anauona m'tulo, atausonyezedwa ndi kholo lawo lomwalira. Wofunsitsa apeza kuti ambiri a iwo anakulira pafupi ndi sing'anga wina, akumunyamulira thumba ndi kumukumbira mizu kuthengo, kotero kuti mitengoyo anayamba kuiona ndi maso asanaione m'maloto. Kumpoto, pakati pa Atumbuka, ochiza ndi gule wa vimbuza anena kuti nyimbo zina ndi mankhwala ena aziphunzira m'tulo, ndipo Steven Friedson analemba za iwo m'buku lake la Dancing Prophets la mu 1996. Nawonso ndi anthu amene amva ng'oma za vimbuza kuyambira ali kumsana. Si chachilendonso kumva wopeka nyimbo za mganda kapena chimtali ali kunena kuti nyimbo imene inamukanika madzulo inabwera yokha mbandakucha.

Za kudambwe saulula, koma zimene zioneka pabwalo masana aliyense angathe kuziganizira. Pamodzi ndi Kasiyamaliro ndi Chadzunda, amene ndi akalekale, pabwalo pafikanso Simoni wa nkhope yofiira, Maliya, ngakhale galimoto. Awa sanaoneke anthu asanaone Azungu, mamishoni ndi misewu. Zimene maso anaona masana zinaphatikizidwa ndi zamakolo, ndipo panatuluka chinthu chatsopano chimene chiseketsa ndi kulangiza nthawi imodzi. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, nyumba ya Chamare isunga zifaniziro za gule ameneyu zoposa 400, ndipo bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu pamodzi ndi vimbuza mu 2005. Luso lophatikiza zinthu zimene sizinakhalepo pamodzi ndilo luso lomwelo limene loto ligwiritsa ntchito usiku uliwonse.

Zilembo zobadwira m'tulo

Wophunzira za zinenero za makolo ayenera kudziwa kuti mitundu ina ya mu Afirika inadzipangira yokha zilembo, ndipo iwiri mwa iyo inena kuti zilembo zake zinayamba ndi loto.

Mtundu woyamba ndi wa Avai, a m'dziko limene lero litchedwa Liberia. Cha m'ma 1833 munthu wina dzina lake Momolu Duwalu Bukele analota munthu wamtali wovala mkanjo atamubweretsera buku, namusonyeza zizindikiro zolembera mawu. Nkhaniyi anaisimba yekha kwa mmishonale S. W. Koelle, amene anamuchezera mu 1849. M'nkhaniyo muli zinthu ziwiri zofunika kuzisamala. Choyamba, Bukele anali atagwirapo ntchito kwa amalonda a m'mbali mwa nyanja, naona m'mene kalata inyamulira mawu a munthu kupita kutali, ndipo chinthu chimenechi chinali kumuvuta mumtima. Chachiwiri, atadzuka anapeza kuti zizindikiro zambiri waziiwala. Chotero anaitana abale ndi abwenzi ake, nakhala pansi pamodzi, napanga zizindikiro zatsopano mpaka zinakwanira mawu onse a chinenero chawo. Mutu umodzi susenza denga. Zilembo za Avai zili pafupifupi 200, ndipo chilichonse chiimira phatikizo lathunthu, monga ba, be, bi, bo, bu amene ana a Sitandade 1 aloweza. Zilembozo zilembedwabe mpaka lero.

Mtundu wachiwiri ndi wa Abamum a ku Cameroon. Mfumu yawo Njoya, ya mumzinda wa Foumban, inali itaona mabuku a Chiarabu m'manja mwa Asilamu a Chihausa ndi a Chifulani, ndipo inalakalaka kuti chinenero chake nacho chilembedwe. Cha m'ma 1896, monga mwa mbiri ya Abamum eni ake, inalota ikuuzidwa kuti ijambule dzanja pathabwa, itsuke thabwalo ndi kumwa madziwo. Itadzuka inalamula anthu ake kuti ajambule zinthu zosiyanasiyana ndi kuzitchula maina. Poyamba panali zizindikiro pafupifupi 500, zochuluka kwambiri kuti mwana aziloweze. Mfumuyo ndi alembi ake anazikonza kangapo, akuchotsa ndi kuphweketsa, mpaka pofika 1910 zinatsala pafupifupi 80. Loto linatenga usiku umodzi, koma kusefa kunatenga zaka zoposa 10. Ndi zilembozo Njoya anatsegula masukulu nalembetsa mbiri ya mtundu wake.

Anthu awiriwa analota zilembo chifukwa anali ndi njala yakuti chinenero cha amayi awo chilembedwe. Anzawo ambiri anagona usiku womwewo, koma sanalote buku, popeza nkhani ya buku sinawasowetse tulo ndi kale lonse.

Mbusa wa ng'ombe ndi akatswiri awiri

Ku England kuli mbiri yakale ya mbusa wa ng'ombe dzina lake Caedmon, imene Bede analemba m'buku limene analitsiriza mu 731. Mbusayu anali kukhala pa nyumba ya amonke ya ku Whitby, ndipo anali ndi manyazi chifukwa sanali kudziwa kuimba. Pa phwando, zeze akayandikira kwa iye, anali kuthawa. Usiku wina atathawira kukhola analota munthu ali kumulamula kuti aimbe za chiyambi cha zolengedwa, ndipo anaimba nyimbo imene sanaimvepo. Kutacha anaikumbukira nawonjezapo mawu ena. Mayi Hild, mkulu wa nyumbayo, sanathamangire kuvomereza. Anaitana anthu ophunzira kuti amuyese, ndipo iwo anamufotokozera nkhani ina ya m'malembo namuuza kuti aisandutse nyimbo. M'mawa mwake anabwera nayo. Nyimbo yake yoyamba ija ili m'gulu la ndakatulo zakale koposa za m'Chingelezi. Mbusayu anali atamvetsera nyimbo za anzake zaka zambiri ali chete, ndipo loto linangochotsa manyazi amene anatseka pakamwa pake.

M'sayansi namo muli zotere. August Kekulé wa ku Germany anavutika kuti adziwe m'mene maatomu 6 a kaboni alumikizirana m'mankhwala otchedwa benzene. Mu 1865 analengeza kuti alumikizana mozungulira ngati khoza la pamkono. Pa phwando lomulemekeza ku Berlin mu 1890 anasimba kuti tsiku lina ali kuwodzera pamoto anaona mizere ya maatomu ili kupindika ngati njoka, ndipo imodzi inaluma mchira wake womwe. Olemba mbiri ena akayikira nkhaniyi popeza anaisimba patapita zaka 25. Chimene sichikayikitsa ndi chakuti Kekulé anayamba waphunzira za kamangidwe ka nyumba asanalowe m'sayansi, kotero kuti maganizo ake anazolowera kuona maonekedwe a zinthu. Pa phwando lomwelo iye anachenjeza anzake kuti asalengeze maloto awo asanawayese ali maso.

Nkhani ya Otto Loewi wa ku Graz m'dziko la Austria ndiyo yomveka bwino koposa. Akatswiri anali kutsutsana ngati mitsempha ilamula ziwalo za thupi ndi mphamvu ya magetsi yokha kapena ndi mankhwala ena amene mitsemphayo itulutsa. Loewi anaganizapo za mankhwalawo mu 1903, koma anasowa njira yotsimikizira, ndipo ganizolo linagona zaka 17. Usiku wina anadzidzimuka ndi njirayo m'mutu, nailemba pa kapepala, nagonanso. Kutacha analephera kuwerenga zimene analemba. Usiku wotsatira ganizolo linabweranso, ndipo iye anadzuka pomwepo napita ku nyumba yake yoyesera zinthu. Anatenga mitima iwiri ya achule naiika m'madzi amchere. Anatakasa mtsempha wa mtima woyamba mpaka mtimawo unayamba kugunda pang'onopang'ono, kenaka anatunga madzi ake nawathira pa mtima wachiwiri, ndipo nawonso unachepetsa kugunda. Apa zinaoneka poyera kuti mtsempha unathira kanthu kena m'madzimo. Anasindikiza zimenezi mu 1921, ndipo mu 1936 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Henry Dale. Akadapanda kudzuka ndi kukagwira achule, loto lachiwiri likadatayika monga loyamba lija.

Chimene chichitika munthu akagona

Kale anthu anali kuyesa kuti ubongo upumula munthu akagona, koma si tero. Mu 1953 Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a pa yunivesite ya Chicago anaona kuti nthawi zina maso a munthu wogona ayendayenda mofulumira kunsi kwa zikope. Akamudzutsa pa nthawi imeneyo, kawirikawiri anali kusimba loto looneka bwino lomwe. Tulo totere, timene akatswiri atitcha REM, tibwera pafupifupi mphindi 90 zilizonse, ndipo titalika kwambiri kukamayandikira kucha. Ndicho chifukwa chake maloto a tambala woyamba ndiwo akumbukika.

Pa nthawi imeneyi mbali za ubongo zimene zisunga zithunzi ndi zimene zidzutsa mantha kapena chimwemwe zigwira ntchito mwamphamvu, pamene mbali ya kuseri kwa mphumi, imene iweruza ndi kuika zinthu m'dongosolo, ifatsa. Zifanana ndi kalasi pamene mphunzitsi watuluka. Ana a mabenchi osiyana asakanizika, amene sanalankhulanepo ayamba kucheza, ndipo zambiri zotuluka m'menemo ndi phokoso chabe. Koma mwa apo ndi apo m'phokosomo mubadwa kanyimbo kapena kasewero kamene sikakadabadwa mphunzitsi ali pakhomo. Mphunzitsi akabwerera, ndiye asankha chimene chili choyenera kusunga. M'kalasi yopanda ana, mphunzitsi angatuluke tsiku lonse, simudzamveka kanthu.

Mu 2004 akatswiri a pa yunivesite ya Lübeck ku Germany anayesa nkhani imeneyi. Anapatsa anthu masamu ataliatali amene anali ndi njira yachidule yobisika, osawauza za njirayo. Atayeserera kanthawi, ena anagona maola 8 ndipo ena anakhala maso maola omwewo. Pobwereza masamuwo, anthu 59 pa 100 alionse mwa ogona aja anaitulukira njira yachidule, pamene mwa okhala maso anaitulukira pafupifupi 23 pa 100. Koma anthu amene anagona asanayeserereko masamuwo sanapindule kanthu ndi tulo tawo. Kuyesaku kunali kwa tulo, osati kwa maloto okha, komabe kutsimikiza chinthu chomwe chija: mphale iyenera kukhala m'madzi kuti kugonera kuthandize. Akuluakulu akakana kugamula mlandu wovuta madzulo, nati ugonere, achita chinthu chanzeru.

Loto losasefa

Loto limene laoneka lomveka silikhala loona chifukwa cha kumvekako. Dziko la Malawi linaphunzira zimenezi pa nthawi yowawa. Mu 1994 mlimi wina wa m'boma la Machinga, kufupi ndi Liwonde, dzina lake Billy Goodson Chisupe, ananena kuti analota akusonyezedwa mtengo umene khungwa lake lichiza Edzi. Masiku amenewo maliro anali paliponse, ndipo kuzipatala kunalibe mankhwala othandiza matendawo. Mu 1995 anthu anakhamukira kwa iye pa malole, pa mabasi ndi pa njinga, alimi ndi ogwira ntchito m'maofesi omwe, kukamwa madzi ofiirira amene anthu anawatcha mchape. Ofufuza ena anawerengera kuti anafika anthu pafupifupi 300,000. Chisupe sanali kulipiritsa, ndipo anthu anapita chifukwa chofuna moyo, chimene si chinthu chowaseka nacho. Koma sipanapezeke umboni wakuti madziwo achotsa kachilombo m'thupi, ndipo matendawo anapitirira kupha anthu. Imfa zinayamba kuchepa pamene mankhwala oyesedwa bwino otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004.

Loewi ndi Chisupe onse awiri analota, ndipo onse awiri anakhulupirira loto lawo. Kusiyana kwawo kunali kwakuti loto la Loewi linapita pa mitima iwiri ya achule, pamene wina aliyense akadatha kubwereza ndi kuona ngati zili zoona, koma loto la Chisupe linapita m'kamwa mwa anthu miyandamiyanda lisanadutse m'sefa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Loto la masana

Masiku ano mawu akuti loto anenanso za chinthu chimene munthu achilakalaka ali maso, ndipo lamulo lake ndi lomwelo. Ku Chibanzi, kufupi ndi mishoni ya Kongwe imene inayamba mu 1894, kunali mfumu Msyamboza, amene anamwalira mu 1926. Mphunzitsi Samuel Ntara analemba mbiri yake, ndipo T. Cullen Young anaimasulira m'Chingelezi mu 1949. Mfumu imeneyi inatchuka chifukwa cholima tirigu ndi kuthirira mbewu m'chilimwe pamene anzake anali kudikira mvula yokha. Nzeru zotere inazipeza poyenda maulendo ndi poyang'anitsitsa zimene alendo achita, ndipo pobwera kwawo inaziyesa m'nthaka ya kwawo.

Chitsanzo cha masiku ano ndi William Kamkwamba, amene anabadwira ku Dowa mu 1987 nakulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 inamuchotsa pa sukulu ya sekondale popeza makolo ake analibe ndalama. Mnyamatayo anayamba kupita ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulayimale ya kwawo, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto pake. Chingelezi chinali kumuvuta, chotero anali kuwerenga zithunzi. Anatola zitsulo zotayidwa, chopemerera cha thirakitala, mapaipi apulasitiki, njinga yakale ya atate ake ndi dayinamo, naimika nsanja ya mitengo ya bulugamu. Anthu anati wachita misala, kufikira tsiku limene babu linayaka m'dzanja lake. Mu 2007 anakalankhula pa msonkhano waukulu ku Arusha, ndipo mu 2009 mbiri yake inatuluka m'buku. Chimene chinadzaza mutu wa mnyamatayu chinali kashelefu ka mabuku pa sukulu ya pulayimale yonga imene wophunzira uphunzitsi aliyense adzatumizidwako.

Ntchito ya mphunzitsi

Mphunzitsi sangalotetse mwana, koma mbali ziwiri za ntchitoyi, kukonola ndi kusefa, zili m'manja mwake. Mfundo zisanu zingamuthandize.

1. Adzaze nkhokwe. Ana amve nthano, zilape, miyambi ndi nyimbo zambiri m'chinenero chawo. Atuluke panja akayang'ane m'mene mpheta ilukira chisa, m'mene wosula asulira khasu, ndi m'mene madzi atsikira m'khwawa. Aumbe ng'ombe zadongo ndi kupanga magalimoto a mawaya. Mwana amene aloweza mawu a pabolodi okha alibe choti tulo tiphatikize.

2. Alole funso ligonere. Chilape chovuta kapena samu yovuta aipereke pomaliza maphunziro, ana ayesereko pang'ono, ndipo yankho alifunse m'mawa. Mwana wochedwa kuyankha asamuyese wopusa, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Akumbukirenso kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 afunika kugona maola 9 mpaka 12. M'nyengo ya fodya, pamene mabanja a ku Dowa ndi Ntchisi achezera kusoka ndi kusankha, mphunzitsi akambirane ndi makolo mwaulemu kuti ana azigona msanga.

3. Asandutse loto chimangirizo. Ana ofuna okha asimbe loto losangalatsa, alilembe, alijambule, kapena alipekere mathero amene tulo sitinafikepo. Popeza loto lizimirira m'mphindi zochepa, aphunzire kulilemba kapena kuliuza wina akangodzuka. Phunziro lotere litulutsa mawu amene mabuku a sukulu sawafikira kawirikawiri: kuwodzera, kusinza, kubwebweta, kudzidzimuka, tulo tofa nato, mbandakucha. Litulutsanso mawu ojambula zochitika, monga balamanthu, zii ndi mbee, amene ndi chuma chachikulu cha Chichewa.

4. Aphunzitse kusefa. Mwana akabwera ndi ganizo latsopano, la m'tulo kapena la masana, afunsidwe mafunso atatu: Zimenezi unaziona kuti kale? Chingapangike ndi zipangizo ziti? Tidzadziwa bwanji kuti chatheka? Akatero apatsidwe mpata ayese, ndipo chikakanika asanyozedwe, koma afunsidwe chimene angasinthe, monga Njoya anasinthira zilembo zake.

5. Asakhale womasulira maloto. Apa ndipo pali ngozi yeniyeni. Mwana akasimba kuti analota ali kuuluka usiku, kapena kuti agogo akutiakuti anamupatsa nyama, mawu amenewo akatuluka m'kalasi angathe kuphetsa nkhalamba yosalakwa ndi kusalitsa mwanayo. Lamulo la mu 1911 linaletsa kuneneza munthu ufiti, ndipo mphunzitsi asalole kuti kalasi yake ikhale gwero la mlandu wotere. Auze ana momveka kuti kulota munthu si umboni wakuti munthuyo wachita kanthu, popeza loto litola nkhope zimene wolotayo azidziwa kale. Mwana amene alota zoopsa usiku ndi usiku angakhale ali ndi malungo, njala, chisoni cha maliro, kapena ali kuzunzidwa. Mphunzitsi amufunse pambali, adziwitse mphunzitsi wamkulu, ndipo pofunika amutumize kuchipatala.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Loto ndi mlendo wotere, koma chitsulo cha kalumo kake achitola m'nyumba momwe wafikiramo, ndipo mwini nyumba ndiye ayenera kuyesa m'mawa ngati kalumoko kameta. Bukele anaitana abale ake, Caedmon anaima pamaso pa anthu ophunzira, Loewi anapita kwa achule ake, ndipo Kamkwamba anakwera nsanja ndi babu m'manja. Pa mabenchi a sukulu za ku Bowe pakhala ana amene alota usiku uliwonse monga analotera anthu amenewa. Mphunzitsi amene awapatsa zambiri zoti aone masana, nawaphunzitsa kuyesa zimene adzuka nazo, wachita mbali yake yonse.